Shuga wa bambo wa ku China akungotsikatsika, ndithandizeni nzeru usiku uno

CO (clinical officer) wa kunyanja, 19:12
Akuluakulu, madzulo abwino. Ndagwira njakata kuno. Ndili ndi bambo wa zaka 61, wa ku China, kapitawo pa kampani ina yomwe ikukonza msewu chakuno. Awabweretsa cha m'ma 2 koloko masana pa lole ya mchenga, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, zolankhula zawo ngakhale womasulira samazimva. Glucometer, kamakina koyezera shuga, inawerenga 2.1, wotsika kwambiri. Ndinawabaya dextrose 50%, shuga wobaya mu mtsempha, mamililita 50, pasanathe mphindi zisanu anadzuka n'kuyamba kufunsa foni yawo. Tinawapatsa Fanta ndi mpunga. Pa 4 koloko shuga anali 7.4, ine n'kuti basi zatheka. Cha m'ma 6 koloko wagweranso pa 2.9. Ndabayanso, pano ali pa 6.0.

Ndi wodwala wathu ndithu. Mwezi wathawu tinawapeza ndi shuga wa 14, tinawayambitsa mankhwala a shuga, metformin 500 mg kawiri ndi glibenclamide 5 mg kawiri patsiku. Malungo alibe. BP ili pa 150/90. Chinanso chondidabwitsa: pansi pa mphuno, pa kamzere ka mlomo wam'mwamba, pali bala latsopano ngati la chikhadabo. Poyamba ndimati amenyedwa ku sayiti, koma womasulira akuti ayi, anzawo ndi amene amawatsina kuti atsitsimuke. Abwana awo ali pakhomo pano, akufuna kuwatenga, ati mawa kuli kuthira konkire pa mlatho. Ndiwatulutse?

Sisita wa usiku, 19:15
Asapite. Zinazo tikambirana, koma asapite. Munthu wa glibenclamide amakunamiza, amaseka nawe 8 koloko, 2 koloko ya usiku wakomoka ali yekha m'chipinda. Abwana awo muwauze akathire okha konkireyo.

Mdala wa ku NCD (kiliniki ya matenda osapatsirana), 19:21
A CO, mwana wanga, zaka 61 ndi glibenclamide 10 patsiku, mwayamba molimba mtima. WHO inachenjeza kalekale, mu 2013, kuti mankhwala amenewa si oyenera munthu wopitirira zaka 60, n'chifukwa chake anaika gliclazide pa mndandanda wawo. Ndikudziwa kuti m'mashelefu mwathu glibenclamide ndi amene amapezeka, sindikukudzudzulani. Koma kutsika kawiri pa maola anayi, munthu atadya mpunga, pali china chake. Anadya m'mawa? Mowa dzulo? Akumwa Bactrim kapena kwinini? Impso munayezapo? Ndipo musangomvera zotuluka pakamwa, uzani anzawo abweretse chikwama chawo chonse, mukhuthule patebulo.

CO wa kunyanja, 19:48
Bambo, mwalasa. M'mawa anangomwa phala la mpunga lamadzimadzi lija, nkhomaliro sanadye chifukwa wophika wawo anapita ku tauni, nsima ya anyamata sadya. Dzulo usiku amwako kachasu wakwawo uja woyera, timatambula titatu. Bactrim ayi, kwinini ayi. Impso sitinayeze, makina athu a chemistry anafa mu Januwale.

Chikwama chabwera. Muli mankhwala athu aja, awamwa mokhulupirika, ndawerenga. Muli fulasiki ya galasi yokhala ndi timizu todulidwa mopyapyala ngati tchipisi, toyererako, tamira m'madzi. Ndiye muli kabotolo ka pulasitiki, zolemba zake Chitchaina chokhachokha, mkati muli timibulu takuda kukula ngati nthanga za therere. Womasulira akuti izi n'zitsamba chabe, bambowa akhala akumwa zaka zisanu, timibulu 10 katatu patsiku. Ndatumiza zithunzi ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo.

Dokotala wa ku Xi'an, 19:55
Achimwene, landani kabotoloko pompano, kasakhale pafupi ndi bedi. Zilembo zitatu zikuluzikuluzo, 消渴丸, zimawerengedwa Xiaoke Wan. Ndi mankhwala a shuga odziwika kwambiri kwawo. Muli zitsamba zisanu ndi ziwiri, n'zoona: ge gen, di huang, huang qi, tian hua fen, shan yao, wu wei zi, ndi ndevu za chimanga zomwezi timataya kumunda. Koma yang'anani kumapeto kwa mzere wa zosakaniza pa chithunzi chachiwiri, pali zilembo zinayi izi: 格列本脲. Ameneyo ndi glibenclamide. Timibulu 10 tili ndi 2.5 mg.

Timizu ta m'fulasikimo tikuoneka ngati xi yang shen, ginseng wa ku America. Naye amatsitsako shuga pang'ono, koma chigawenga chachikulu si iyeyo.

Funsaninso ngati ali ndi mapiritsi olembedwa 阿卡波糖, acarbose. Odwala shuga ambiri a ku China amamwa amenewo, ndipo munthu akamwa acarbose, shuga wa patebulo ndi Fanta amachedwa kulowa m'magazi, pamafunika glucose weniweni.

Wa famase, 20:01
Tiwerengere limodzi. Timibulu 30 patsiku ndi 7.5 mg. Kuphatikiza 10 mg ya a CO, 17.5 mg. Munthu wa zaka 61, wosadya nkhomaliro, wogwira ntchito padzuwa, atamwa mowa dzulo lake, impso sitikuzidziwa. Chodabwitsa n'choti wafika mwezi wathunthu asanagwe.

CO wa kunyanja, 20:09
Acarbose mulibe. Koma imvani izi. Ndafunsitsa, akuti sabata ziwiri zapitazi amamva njala yoopsa, kunjenjemera ndi mtima kugunda cha m'ma 11 koloko. Iwo amaganiza kuti matenda akukula, ndiye masiku ena amawonjezera timibulu 5. Lero m'mawa awonjezeranso. Kufookako amati ndi "qi", mphamvu ya m'thupi, yachepa, n'chifukwa chake anayamba ginseng. Ndikunena pano akupempha fulasiki yawo.

Ndavomera, mlandu wina ndi wanga. Tsiku lija ndinafunsa kudzera mwa womasulira ngati akumwa mankhwala ena, anati ayi, ine n'kulemba.

Mdala wa ku NCD, 20:12
Safunsa anadya phula, koma inu munafunsa, kungoti funso lathu lija ndi lobooka. Ngakhale amayi a kuno kwathu ukawafunsa za mankhwala amakana, kunyumba akumwa nimu ndi chammwamba m'mawa uliwonse. Kwa iwo mankhwala ndi a kuchipatala. Ine masiku ano ndimafunsa kuti, "Kupatula nsima ndi madzi, chimalowa m'kamwa mwanu n'chiyani?"

Tsono zitsamba zonsezo tayani m'dzenje, nkhani ithe.

Sisita wa usiku, 20:16
Tisanafike ku zitsamba, diripu kaye. A CO, musamangobaya 50% nthawi iliyonse watsika. Mukabaya wambiri nthawi imodzi, kapamba yemwe wakwapulidwa kale ndi glibenclamide amatulutsanso insulin wambiri, pakapita ola mwabwerera pomwe munali. Ikani dextrose 10% aziyenda pang'onopang'ono, muyambe ndi mamililita 100 pa ola, muzisintha malinga ndi zomwe glucometer ikunena. Ngati 10% mulibe, tengani lita ya 5%, chotsani mamililita 100, thirani mamililita 100 a 50%, mugwedeze bwino, mulembe pa botolo. Imafika cha m'ma 9.5%, imagwira ntchito. Cannula ikhale pa mtsempha waukulu, muziyang'ana ngati sipakutupa.

Kuyeza ola lililonse usiku wonse, ngakhale akugona muwadzutse. Ndipo adye chakudya chenicheni, mpunga ndi mazira kapena nsomba, osati Fanta yekha. Ma strip a glucometer muli nawo angati?

CO wa kunyanja, 20:19
Khumi ndi anayi. 10% mulibe, ndisakaniza monga mwanenera.

Sisita wa usiku, 20:20
Akwana mpaka m'mawa basi. Abwana aja m'malo moima pakhomo atumize galimoto ikagule bokosi lina. Apo ndiye athandiza.

Intern wa chaka chino, 20:31
Pepani akuluakulu, ndilowerere ndi funso la mwana. Adokotala a ku Xi'an, kodi asing'anga a ku China shuga wotsika amamumva bwanji? Chifukwa bambowa akuoneka kuti sanachite mwachisawawa, anali ndi kaganizidwe kawo. Nanga kutsina pansi pa mphuno kuja n'chiyani?

Dokotala wa ku Xi'an, 20:58
Funso labwino, ndipo likhudza momwe a CO alankhulire ndi bambowa, ndiye ndilolereni nditalikitse. Ine si sing'anga wa zitsamba, ndinaphunzira udokotala womwewu ku Xi'an, ku China, kungoti kumeneko aliyense amadutsako kosi ya mankhwala a makolo awo, ndipo tinkazungulira m'mawodi mwawo.

Mabuku awo akale sankayeza magazi, ankaona munthu. Matenda a shuga anawatchula xiaoke, kutanthauza kuonda ndi ludzu, ndipo dzinali lilimo kale m'buku la Huangdi Neijing la zaka zoposa 2,000 zapitazo. Pambuyo pake anawagawa patatu: xiaoke wam'mwamba, wa m'mapapo, munthu amangomwa madzi, wapakati, wa m'mimba, munthu amadya koma njala osatha, wam'munsi, wa impso, munthu amangokodza. Mwaona pomwe bambowa anasocherera? Njala yoopsa ya 11 koloko ija, kwa munthu woleredwa ndi maganizo amenewa, ikufanana ndendende ndi xiaoke wapakati. Ndiye anawonjezera mankhwala a xiaoke. Anawerenga bwino chizindikiro, koma m'buku lolakwika.

Shuga wotsika alibe dzina lakelake m'mabuku akalewo. Zizindikiro zake zimamwazikana m'mitu ingapo: chizungulire, mtima kugunda, thukuta lotuluka lokha munthu asanagwire ntchito, kukomoka. Akazisonkhanitsa, ambiri amati gwero lake ndi kufooka kwa qi ya chiwalo chomwe amachitcha pi. Achingerezi anamasulira pi ngati chiwalo chija chimatupa ndi malungo, koma ntchito yomwe Atchaina amaipatsa pi ndi yosandutsa chakudya kukhala mphamvu ndi magazi, n'kuzikweza kumutu ndi kumiyendo. Ife a Chichewa tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa mawu athu oti kapamba timawagwiritsa ntchito pa ziwalo zonse ziwiri, chotupa ndi malungo chija ndi chopanga insulin. Mukangoti pi ndi kapamba simunaphonye kwenikweni. Akuti kapamba akafooka, chakudya sichisanduka mphamvu, manja ndi miyendo zimalefuka, mutu umapepuka, khungu limalephera kugwira thukuta.

Mankhwala ake amatsata pomwepo. Wofooka chabe amapatsidwa Si Jun Zi Tang, zitsamba zinayi: ginseng, bai zhu, fu ling ndi gan cao. Wa chizungulire, womva ngati zonse zikugwera pansi, amapatsidwa Bu Zhong Yi Qi Tang, wa Li Dongyuan, sing'anga wa m'zaka za m'ma 1200 yemwe ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amayambira m'mimba ndi m'kapamba chifukwa cha kudya mosalongosoka ndi kutopa. Wa mtima kugunda ndi kusowa tulo, Gui Pi Tang. Wa thukuta lambiri ndi kukamwa kouma, Sheng Mai San, yemwe ndi ginseng, mai men dong ndi wu wei zi. Pa singano zawo zija amakonda malo otchedwa Zusanli, kunsi kwa bondo chakunja, ndi Baihui pa liwombo. Mwaona kuti ginseng akupezeka paliponse? Bambowa sanapeke, anachita zomwe agogo awo akanachita.

Munthu akakomoka, thukuta lozizira lili chuchuchu, amati qi ikuthawa m'thupi, tuo zheng. Akale ankamwetsa msuzi wa ginseng yekha wowiritsa kwambiri, Du Shen Tang. Ndipo malo a pansi pa mphuno aja ndi Renzhong. Kutsina pamenepo ndi chinthu choyamba chomwe munthu wamba aliyense ku China amachita wina akagwa, m'basi, pamsika, paliponse, monga ife timathamangira kuthira madzi ndi kukupiza ndi chitenje. Ululu umadzutsa munthu wongokomoka wamba. Wa shuga wa 2.1 angatsinidwe mpaka magazi, ubongo wake ukufuna glucose basi. Anzawo aja musawakalipire, ankathandiza.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi ichi. Zhang Zhongjing, wa cha m'ma 200, analemba mankhwala otchedwa Xiao Jian Zhong Tang a munthu wofooka m'kati, wa mtima kugunda. Chachikulu m'menemo si muzu ayi, ndi yi tang, manyuchi opangidwa ndi chimera. Chimera chomwechi cha thobwa, kungoti iwo amameretsa balere kapena tirigu n'kusakaniza ndi mpunga. Chiphunzitso chawo chimati kukoma kotsekemera kumalowa m'kapamba. Ndiye kupatsa munthu wofooka chotsekemera si nzeru ya azungu yokha, ili m'mabuku mwawo momwe.

Ndipo tisaganize kuti ku China lero wokomoka ndi shuga amamuwiritsira mizu. M'zipatala za mankhwala a makolo zomwe ndinalowamo muli glucometer ndi dextrose ngati kwathu kuno. Amayamba ndi zimenezo, zitsamba zimabwera pambuyo.

Mdala wa ku NCD, 21:06
Mwana wanga, mwaphunzira, sindikukana. Koma ine zaka 30 ndakhala ndikutola anthu omwe anachedwa kwa asing'anga. Nkhani za qi zi zikungokometsera. Zimene zamugwetsa munthuyu ndi glibenclamide, zomwe zimudzutse ndi dextrose. Tikayamba kulankhula chinenero cha zitsamba m'chipatala, mawa wodwala adzati adokotala anavomereza.

Dokotala wa ku Xi'an, 21:14
Bambo, pa chomwe chawagwetsa ndi chomwe chiwadzutse tikugwirizana kwathunthu. Sindikunena kuti a CO alembe Bu Zhong Yi Qi Tang pa fayilo. Umboni woti misuzi imeneyi imachiza shuga wotsika ngati uyu ine sindinauone, ndipo ina ili ndi zoopsa zake. Gan cao amakweza BP n'kutsitsa potassium, bambowa ali kale pa 150/90. Msuzi wina wa okomoka, Shen Fu Tang, uli ndi fu zi, muzu wa poizoni womwe umasokoneza kagundidwe ka mtima ukapanda kukonzedwa bwino.

Nkhawa yanga ndi ya Lachisanu, atatuluka. Mukataya kabotoloko m'dzenje osawafotokozera, ku kampu kuli ena, kapena mnzawo wobwera pa ndege mwezi wamawa awabweretsera. Adzangophunzira kuti kwa a CO zinthu zimabisidwa. Munthu wamwa chinthu zaka zisanu, chikumuthandiza, simungamuuze kuti ndi zinyalala. Muuzeni zoona: mankhwala anu ndi athu ndi amodzi, mwamwa kawiri.

Wa famase, 21:22
Apa ndili mbali ya adokotala, Bambo mundikhululukire. Tisiyanitse zinthu ziwiri. Kabotolo aka sikanabise kanthu, glibenclamide walembedwa poyera, ndife amene sitidziwa kuwerenga. Zoopsa zenizeni ndi zija zolembedwa kuti zitsamba zokhazokha koma mkati anathiramo mankhwala mwakabisira. Ku Singapore mu 2008 anthu 150 anagonekedwa m'zipatala ndi shuga wotsikitsitsa, pafupifupi onse abambo opanda matenda a shuga, anayi anamwalira. Anali atamwa mankhwala achinyengo a mphamvu za kuchipinda omwe munali glibenclamide. Ndiye tsiku lina akakubweretserani bambo wopanda mbiri ya shuga ali pa 1.8, malungo alibe, mowa sanamwe, mutulutse akazi awo panja kaye n'kufunsa za timapaketi ta m'thumba.

A CO, kabotoloko musataye. Sungani, mulembe fomu ya zotsatira zoipa za mankhwala ipite ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Anthu athu opita ku Guangzhou kukaoda katundu amabweretsera makolo awo zoterezi ngati mphatso, ndinaonapo kamodzi kwa gogo wina yemwe ankamwanso glibenclamide wa kuchipatala. Nkhaniyi si ya Atchaina okha.

CO wa kunyanja, 21:30
Diripu ikuyenda, 9 koloko anali pa 5.6, adya mpunga ndi mazira awiri. Vuto latsala ndi lomwe lija, iwo eni akuti ali bwino, akufuna kupita. Womasulira ndi mnyamata wa kwathu konkuno, Chitchaina chake ndi cha ku sayiti, cha simenti ndi mafosholo. Ndikamuuza kuti "hypoglycaemia" akungokanda m'mutu. Ndinene chiyani?

Dokotala wa ku Xi'an, 21:37
Musavutike ndi womasulira, asonyezeni foni. Choyamba zilembo izi: 低血糖. Zimawerengedwa di xue tang, shuga wotsika m'magazi. Mtchaina aliyense amawadziwa mawu amenewa, ana asukulu omwe amayenda ndi maswiti poopa zimenezi. Muone nkhope yawo ikasintha.

Kenako ikani paketi yanu ya glibenclamide kumanzere, kabotolo kawo kumanja. Lozani 格列本脲 pa kabotolo, mulozenso paketi yanu. Akapanda kuzindikira, asonyezeni 优降糖, you jiang tang, dzina lakale la mankhwala omwewa lomwe achikulire ambiri amalidziwa. Lembani papepala 7.5 + 10, manambala safuna womasulira.

Za ginseng musalimbane nawo usiku uno. Muwauze kuti qi yawo yafookadi, koma yafooka chifukwa mankhwala achuluka ndipo nkhomaliro sanadye, ndiye ginseng adikire kaye mpaka shuga akhazikike, chifukwa naye amakokera pansi. M'fulasikimo athiremo madzi otentha okha. Atchaina madzi ozizira sawafuna akadwala, mukawapatsa otentha mwagula mtima wawo. Zikakanika ndiimbireni pa WhatsApp ndilankhule nawo, Chitchaina changa chachita dzimbiri koma chikadalipo.

CO wa kunyanja, 22:10
Amayi inu, zatheka. Nditawasonyeza zilembo zitatu zija anakhala tsonga. Atawona 7.5 + 10 anatenga kabotolo, kuvala magalasi, kuwerenga okha mzere uja ndi chala, kenako anadzimenya pachipumi n'kunena mawu ena omwe womasulira wakana kumasulira. Aimbira akazi awo kwawo, kumeneko kuli cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mayiwo akalipa mpaka ine ndimamva pa foni. Avomera kugona. Abwana aja apita, alonjeza ma strip m'mawa.

Mdala wa ku NCD, 22:13
Chabwino, ndagonja pa njira. Pa zitsamba sindinagonje.

Wa labu, 22:20
Ndalowa mochedwa. Tengani magazi a creatinine, oonera impso, m'botolo lofiira m'mawa, galimoto yopita kukagula ma strip ija iwapititse ku boma. Ngati impso zili zofooka, glibenclamide ndi zotsalira zake zimakhalitsa m'thupi, maola 24 sakwana. Komanso zala muzipukuta ndi madzi, ziume, musanabaye. Munthu wagwira Fanta ndi mpunga, glucometer ikhoza kukupatsani 8 pomwe ali pa 3.

CO wa kunyanja, 05:40
Mwadzuka bwanji nonse. Sisita, mukanakhala pafupi ndikanakugulirani chitenje. Pa 3 koloko cannula inapindika bambowa atagonera dzanja, diripu inaima mwina mphindi 40. Namwino wathu pokayeza anapeza 2.8, thukuta pilo yonse, iwo ali m'tulo osadziwa kanthu. Anadzuka titawagwedeza, amatha kumeza, ndiye tinawamwetsa madzi a shuga masupuni atatu aang'ono, tinaika cannula ina, patatha mphindi 15 anali pa 4.6, kenako 6.2. Akanakhala ku kampu sindikudziwa.

Sisita wa usiku, 05:52
Chitenjecho ndikuchifuna ndithu. Diripu musachotse lero. Muyambe kuchepetsa akakhala pamwamba pa 6 kwa maola angapo akudya bwino, ndipo mukachotsa muwasungebe usiku wina umodzi mukuyeza. Akatsikanso pansi pa 3.9 diripu ikuyenda bwinobwino, musalimbane nazo, atumizeni ku chipatala chachikulu, mwina kumeneko octreotide, mankhwala oletsa kapamba kutulutsa insulin, angapezeke.

Dokotala wa ku Xi'an, 06:30
Ndikugwirizana ndi Sisita. Ngati mungawatumize ku Kamuzu Central kapena ku Mzuzu Central, lembani pa kalatayo kuti apemphe mmodzi wa madokotala a ku China omwe amagwira ntchito kumeneko alankhule nawo. Magulu amenewo amachokera ku chigawo cha Shaanxi, akhala akubwera kuyambira 2008. Kumva zomwezi kuchokera kwa dokotala wakwawo kumalemera kuposa ife tonse kuphatikiza.

CO wa kunyanja, 16:25
Creatinine yabwera, 168. Shuga lero wakhala pakati pa 5.8 ndi 8.1, ndayamba kuchepetsa diripu.

Mdala wa ku NCD, 16:44
Ndi zaka zawozo eGFR, muyeso wa momwe impso zikusefera magazi, ikugwera cha m'ma 40, impso zafooka. Ndiye yankho lapezeka: glibenclamide asadzamwenso, wa m'paketi kapena wa m'kabotolo. Metformin muimitse kaye masiku ano, muyezenso creatinine pakatha sabata, mwina ina ndi ya kuuma m'thupi ndi dzuwa la ku sayiti. Ikakhala pomwepo, metformin asapitirire 1,000 mg patsiku, ikatsika eGFR pansi pa 30 ndiye ayi. Shuga akakwera kufika 10 kapena 11 sabata ino musachite mantha n'kuthamangira mankhwala ena, wokwera pang'ono sapha munthu usiku umodzi. Yezaninso mkodzo ngati muli protein, muone maso ndi mapazi. BP ija ifunanso mankhwala, koma dikirani creatinine yachiwiri musanasankhe. Brufen ndi diclofenac muwaletse, anthu a ku sayiti amamwa ngati mtedza.

Intern wa chaka chino, 17:02
Nanga akadzafunsa ngati angamwe zitsamba zina zopanda glibenclamide?

Dokotala wa ku Xi'an, 17:19
Adzafunsa ndithu. Yankho langa limakhala loti chilichonse abweretse tione kaye, ndipo pa impso zotere ndi bwino asamwe chilichonse chomwe sitikuchidziwa. Huang lian ndi ku gua, chipatso chowawa chija chonga nkhaka ya tiziphuphu, zimatsitsanso shuga. Koma pali zambiri za kwawo zomwe mungavomere ndi mtima wonse, ndipo zimagwirizana ndi Li Dongyuan yemwe: kudya pa nthawi yake katatu, osadumpha nkhomaliro, chakudya chofunda, mowa pang'ono kapena osamwa n'komwe, kupuma. Phala la mpunga lamadzimadzi lokha m'mawa silikwanira munthu woyenda pa mlatho mpaka masana, awonjezere dzira kapena nyemba. Maswiti atatu m'thumba la ovolosi, ndipo anyamata awiri a ku sayiti aphunzitsidwe: akaona bambowa akutuluka thukuta n'kusokonezeka koma akumeza, shuga kaye, akakomoka, asawathire kanthu m'kamwa, awagoneke chammbali, galimoto. Kutsina atsine ali m'galimoto ikuyenda.

CO wa kunyanja, Lachisanu 10:05
Atuluka m'mawa uno. Diripu tinachotsa dzulo masana, usiku wonse sanatsike pansi pa 6, lero asanadye anali pa 8.9. Abweranso Lachinayi kudzayezetsa creatinine. Kampani yawagulira glucometer yawoyawo. Fulasiki abwerera nayo muli madzi otentha okha, timizu tija anandipatsa ine ngati mphatso, ndangotiika m'kabati.

Koma nkhani siinathe. Potsanzikana anandikokera pambali n'kunena kudzera mwa womasulira kuti wophika wawo uja, yemwe anapita ku tauni, nayenso amamwa timibulu tomweti, ndipo kabotolo kena ndi iwo anamugawira. Ndawauza abwere naye Lolemba ndi chikwama chake chonse. Adokotala, nditumizireni zilembo zija zazikulu bwino, zonse zisanu, ndikasindikize ndimate pakhoma la chipinda choonera odwala.

Wa famase, 10:11
Nanenso munditumizire. A CO, fomu ija mwalemba? Jambulaninso kabotoloko mbali yomwe kuli batch number ndi tsiku lothera ntchito, pa chithunzi choyamba chala chanu chinaphimba.